Foni yasenzetsa ana athu ndowa yosaoneka

Moni nonse a pamsika: inu a matimati, a kaunjika, a usipa ndi a hadiweya, osaiwala anyamata a mawilibala ndi amayi a m'malesitilanti amene mumatidyetsa nsima ya ngongole thumba likabooka pakati pa mwezi. Sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Za kukwera mitengo kwa zinthu sindinenanso, poti zimenezo mukuzidziwa kuposa ine. Lero ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwathu mwenimweni. Ndikudziwa kuti za m'nyumba saulutsa pabwalo, koma eni nkhani ndawapempha ndipo andilola, ati bola ndisatchule dzina la munthu.

Amayi anga ndi anzanu, amagulitsa matimati ndi anyezi. Chimwalirireni bambo, fizi yanga yonse mpaka Folomu 4 idachokera pa mulu wa matimati, ndipo ya mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, idachokeranso pomwepo. Mtsikanayu ndi wanzeru kundiposa, zimenezo ndivomere pagulu. Amayi ankati akamuyang'ana amaona namwino wovala zoyera, ndipo akatero kutopa konse kwa tsikulo kumatha.

Mukukumbukira kuti mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Nthawi imeneyo aphunzitsi ambiri adazolowera kutumiza manotsi pa WhatsApp. Sukulu zidatsegulidwa, mliri udazilala, koma chizolowezicho chidatsala. Ndiye mu 2023 mlongo wangayo adayamba nyimbo ya tsiku ndi tsiku: "Amayi, anzanga onse manotsi akulandirira pa gulupu, ine ndikutsalira." Amayi adapirira, adapirira, kenaka adakatenga ngongole ku banki m'khonde nkumugulira foni ya tachi yogwiritsidwapo kale ntchito. Ngongoleyo adaibweza miyezi inayi, sabata ndi sabata, nthawi zina ndi ndalama ya mpamba. Tsiku lomupatsa foniyo adamuuza mawu amodzi okha: "Iyi ndi ya sukulu, wamva?" Iye nkuti, "Ndamva amayi."

Walira mvula walira matope. Miyezi ingapo itadutsa, mwana adayamba kudzuka m'mawa atagwira kumbuyo kwa khosi.

"Amayi, khosi likundiwawa."

"Khosi? Wasenza chiyani iwe? Ine ndimatsika minibasi dengu la matimati lili pamutu mpaka kukafika pabenchi, unandimvapo ndikudandaula? Iwe ntchito nkupalasa chala pagalasi ngati nkhuku padzala, basi khosi lavuta? Tatenga tsache usese apa!"

Ine ndidaseka nawo, ndisaname. Ndinkaona ngati ndi ulesi wa ana a masiku ano. Tinkangomugulira panado pa okala, nkhani nkuthera pomwepo.

Kuseka kudatha kumayambiriro kwa 2024, pamene adalemba mayeso a moko. Adabwera kunyumba maso ali psuu, nkukhala pakhonde osavula ndi yunifolomu yomwe. Nditamufunsa adati, "Achimwene, mayankho ndinali nawo m'mutu, koma dzanja linakana. Chimangirizo ndasiyira pakati." Adandiuza kuti akalemba tsamba limodzi, chala chachikulu chimayamba kuwawa kuchokera patsinde mpaka pomangira wotchi, kachala kakumapeto kamachita dzanzi, ndipo cholembera chimakhala ngati chikufuna kupulumuka. Nditatsegula kope lake ndidadabwa. Mwana amene kale ankalemba zoongoka ngati zotayipa, tsopano tsamba loyamba linali bwino, lachiwiri lopendama, lachitatu ngati padutsa nkhuku yoponda inki.

Inu mukuudziwa mtundu wathu. Nkhani itangomveka, alangizi adachuluka. Wina adati, "Mwana wanzeru chonchi, dzanja nkufa nthawi ya mayeso yeniyeni? Apa pali munthu." Wina nkuonjeza, "Kodi paja simunakanganepo ndi mayi uja wa benchi yoyandikana nanu, nkhani yolandana kasitomala?" Basi, mlandu udapeza mwini wake. Amayi adasiya kupereka moni kwa mnzawo amene akhala naye limodzi padzuwa ndi pamvula zaka zoposa khumi, amene amawasungira benchi akapita kumaliro. Tsiku lina ndidawapeza atamanga ndalama pansonga ya chitenje, ati akupita kwa munthu wina wodziwa kuona. Ndalamayo inali yokaodera matimati mawa lake.

Ndidawagwadira. Ndidati, "Amayi, ndipatseni tsiku limodzi lokha. Tiyambe tapita kuchipatala. Akalephera kumeneko, ine ndemwe ndidzakuperekezani kulikonse mukufuna." Adavomera monyinyirika.

Tidafika kuchipatala m'mamawa, tidakhala pamzere mpaka dzuwa pamutu, kenaka adatitumiza ku chipinda cha mafizo. Kumeneko tidapeza mayi wina wodekha bwino. Adamuuza mlongo wanga kuti atembenuze mutu uku ndi uku, adamudina m'mapewa mwana nkudumpha, adamupatsa pepala kuti alitsine ndi zala ziwiri iwo nkumalikoka. Kudzanja lamanzere pepala lidalimba, kudzanja lamanja lidasololoka. Kenaka adamuuza kuti apinde chala chachikulu m'kati mwa chibakera, nkupendeketsa dzanja kulozetsa kumbali ya kachala kakumapeto. Mwana adakuwa.

Mayi aja sadafunse za mfiti. Adangoti, "Foni yako ili kuti mwanawe?" Adaitenga, adadina malo ena amene foni imasunga kaundula wa maola amene yagwira ntchito, nkuonetsa amayi. Maola 8 ndi kanthu patsiku. Mwa maola amenewo, a manotsi sankakwana ndi awiri omwe. Otsalawo adadyedwa ndi TikTok, Facebook ndi macheza a pa WhatsApp, ambiri mwa iwo usiku, m'neti, ife tikuliza mkonono poganiza kuti mwana akuwerenga. Amayi adangoti kukamwa yasa. Mfiti ija idapezeka, ndipo adaigula okha ndi ngongole ya banki m'khonde.

Chichokereni kumeneko ndakhala ndikufunsafunsa ndi kuwerenga za nkhaniyi, ndipo zimene ndapeza ndati ndisadye ndekha.

Tiyambe ndi funso la amayi lija, loti wasenza chiyani. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, tinene kuti mapaketi asanu a shuga. Munthu akaima chilili, mutuwo umakhala bwinobwino pamwamba pa msana, ndipo minofu ya khosi sivutika. Inu amayi osenza mukudziwa bwino chinsinsi chimenechi. Mukaika nkhata nkutwika ndowa, khosi mumaliimika njo, maso kutsogolo. Palibe mayi amene amasenza ndowa ya madzi ataweramitsa mutu, pokhapokha ngati akufuna kusamba panjira. Tsono yesani kuinyamula ndowa yomweyo ndi manja, mutaitambasulira kutsogolo kwanu. Madzi ndi omwewo, koma simungafike nayo ndi pampanda pomwe. Katundu akachoka pakati nkupita kutsogolo amalemera kuposa muyeso wake.

Ndi mmene zimakhalira ndi mutu. Mu 2014 dokotala wina wa maopaleshoni a msana ku New York m'dziko la America, dzina lake Kenneth Hansraj, adawerengera pa kompyuta katundu amene khosi limamva munthu akamawerama. Adapeza kuti kuwerama pang'ono chabe, madigiri 15, khosi limakhala ngati lasenza makilogalamu 12. Pa madigiri 30 ndi makilogalamu 18, pa madigiri 45 ndi makilogalamu 22, ndipo pa madigiri 60, apo ndi pamene foni ili pamiyendo chibwano chatsala pang'ono kugunda pachifuwa, ndi makilogalamu 27. Abale anga, ndowa ya malita 20 yodzadza madzi imalemera makilogalamu 20. Ndiye kuti mwana uja mukumuona wangokhala phee pampandoyo wasenza katundu woposa ndowa, woposa theka la thumba la chimanga, wopanda nkhata. Kusiyana kwake nkwakuti inu mukafika pabenchi mumatula. Iye satula mpaka batire ithe.

Nanga khosi ndi dzanja zikukhudzana bwanji? Khosi lili ndi timafupa 7 tosanjikizana. Pakati pa timafupati pamatuluka mitsempha yonyamula mauthenga, imene imatsika kudzera paphewa, m'khwapa, pachigongono mpaka kunsonga za zala, monga mawaya amachokera papholo kulowa m'nyumba. Waya akapanikizika penapake panjira, babu la kuchipinda ndi limene limaphethira. Nchifukwa chake munthu atha kumva dzanzi m'zala pamene gwero lake lili m'khosi, kapena pachigongono, kapena pomangira wotchi.

Pachigongono pamadutsa mtsempha uja umati ukagunda pathebulo umamva ngati wagwidwa shoko mpaka kukachala kakumapeto. Mwana akagona chagada maola atatu, chigongono chili chopinda, foni ili m'mwamba, mtsempha umenewu umakokeka, ndipo kachala kakumapeto ndi kanzake koyandikana nako timachita dzanzi. Pomangira wotchi pali kanjira kopapatiza kamene mtsempha wina wopita ku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati umadutsa mothithikana ndi zingwe 9 zokoka zala. Zingwe zimenezi mukuzidziwa. Ndi zija tinkakoka tili ana pa zipalapasiro za nkhuku, zala za nkhukuyo nkumafumbata zokha. Zingwezi zikagwira ntchito mopyola muyeso zimatupa, ndipo zikatupa m'kanjira kopapatiza, wovutika ndi mtsempha uja.

Chala chachikulu ndiye kapolo weniweni wa foni. Chimakwera, chimatsika, chimadina, chimafufuta, kambirimbiri pa ola limodzi, uku zala zinazo zagwira foni kuti isagwe. Kumbali ya chala chimenechi, pomangira wotchi, pamadutsa zingwe ziwiri m'kachimake. Zikakhulana kwambiri pamawawa ngati pabayidwa singano. Vuto limeneli si lachilendo ayi. Dokotala wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, adalifotokoza kalekale mu 1895, ndipo mpaka lero limadziwika ndi dzina lake. Kale linkagwira amayi ofinya zovala tsiku lonse ndi amayi onyamula makanda. Lero likugwira mwana amene sanachapeko ndi bulangete limodzi lomwe.

Ku Turkey, mu 2015, madokotala adayeza ophunzira 102 a pa yunivesite. Adawagawa patatu: osagwiritsa ntchito foni ya tachi, ogwiritsa ntchito pang'ono, ndi aja osaitula m'manja. Atawaunika ndi makina adapeza kuti gulu lachitatuli mtsempha uja wodutsa m'kanjira kopapatiza unali wokulirapo kudzanja limene amagwiritsa ntchito kwambiri, chala chachikulu chinkawawa, ndipo kugwiritsa ntchito foni mopyola muyeso kunkayendera limodzi ndi kuchepa kwa mphamvu yotsinira. Mawu akuti kutsina musawatenge mopepuka. Tatengani cholembera apo mulembe dzina lanu. Mwachigwira bwanji? Mwachitsina. Inu osoka mumatsina singano, inu osintha ndalama mumatsina manoti. Mphamvu imene foni ikudya ndi yomweyo imene mwana akufunika kulowa nayo m'chipinda cha mayeso.

Musaganize kuti zimenezi zimagwira osaphunzira okha. Mu 2014 magazini ya madokotala yotchuka ya ku Britain, The Lancet, idasindikiza nkhani yochokera ku Granada m'dziko la Spain. Mayi wina wa zaka 34, dokotala iye mwini, woyembekezera, adagwira ntchito kuchipatala usiku wolowera Khirisimasi. Ataweruka adapeza mauthenga a mafuno abwino atadzadza mufoni, ndipo adakhala pansi nkumayankha ndi zala zazikulu ziwiri kwa maola 6. Kutacha manja onse awiri anali moto. Dokotala amene adamuona adaatcha matendawo WhatsAppitis, nkumuuza kuti foni aisiye kaye. Koma pofika pa 31 Disembala mayi uja adayambiranso kutumiza mauthenga a chaka chatsopano. Ngati dokotala weniweni adalephera kudziletsa, nanga mwana wa zaka 17 ali yekha m'neti ndi bandulo ya usiku?

Tsono pano ndinene chilungamo, chifukwa sindikufuna mawa mumve kuti mtolankhani uja waopseza anthu ndi bodza. Manambala a Hansraj aja adachokera pa kuwerengera kwa kompyuta, sadapachike sikelo pakhosi pa munthu. Ndipo mu 2018 ofufuza ena ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil adaona achinyamata 150 a zaka 18 mpaka 21, momwe amaweramira akamalemba mauthenga, koma sadapeze kuti owerama kwambiri ndi amene amadwala khosi kuposa anzawo. Khosi ndi chiwalo cholimba, lidalengedwa kuti lizipinda. Ngakhale inu a kale munkawerama powerenga buku pa koloboyi, ndipo osankha mpunga palichero amaweramanso.

Ndiye vuto lili pati? Mmene ndaonera ine, vuto lili pa kusatula. Buku limatopetsa, umatsegula tsamba, umayasamula, umadzuka kukamwa madzi, palafini amatha. Mpunga umatha palichero. Koma foni ilibe tsamba lomaliza. Kanema akatha wina wayamba kale, ndipo munthu umangozindikira tambala akulira uli chikhalire mmene unakhalira 9 koloko. Uonjezepo kusagona mokwanira, uonjezepo nkhawa ya mayeso imene imaumitsa mapewa ngati thabwa, uonjezepo kuti mwanayo sathamanga, sasewera mpira, sajowa fulaye. Minofu yosapuma ndi yosalimbitsidwa, zonse pamodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Titabwerera kunyumba tsiku lija padali msonkhano waukulu. Amayi adati foni igulitsidwe mawa lomwe, ndalama ibwerere ku matimati. Mlongo wanga misozi chuchuchu. Ine ndidakana maganizo a amayi, ndipo zifukwa zanga ndi ziwiri. Choyamba, manotsi ndi mapepala a mayeso akale alidi mufonimo, ndipo buku limodzi la sayansi mtengo wake inu mukuudziwa. Chachiwiri, mwana wamkazi ukamulanda foni amakabwereka ya wina, ndipo foni ya mnyamata sabwereka ulere. Kuthawa khosi nkukagwa m'mavuto a miyezi isanu ndi inayi, phindu lake nchiyani?

Tidagwirizana malamulo, ena ochokera kwa mayi a mafizo aja, ena athu. Ndiwalemba apa, mwina angathandize kwanu.

Foni sigona kuchipinda. Ikakwana 9 koloko usiku imakagona m'chikwama cha amayi, pamodzi ndi ndalama za tsikulo, ndipo inu mukudziwa kuti chikwama chimenecho palibe amene amachiyandikira.

Powerenga manotsi, foni ikwere, mutu usatsike. Tidatenga mabuku akale nkuwasanja pathebulo, foni nkuitsamiritsa pamwamba pake kuti ikhale moyang'anana ndi nkhope. Ngati akuigwira m'manja, zigongono zitsamire pathebulo, aigwire ndi manja awiri, ndipo podina asinthanitse zala, chamkombaphala chithandizeko chachikulu. Kuwerenga chogona, kaya chagada kaya chafufumimba, tidaletsa.

Pakatha mphindi 20 kapena 30 adzuke. Ayende pang'ono, azungulize mapewa, ayang'ane kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, abweze chibwano m'mbuyo ngati kamba akulowetsa mutu m'chigoba, kakhumi, atambasule zala. Apa amayi adapezerapo mwayi. Mphindi 30 zikakwana umangomva, "Iwe, nthawi ya mafizo yakwana, katunge madzi!"

Lamulo lalikulu kuposa onse ndi ili: chilichonse chofunika chimene chabwera pa gulupu achikopere m'kope ndi cholembera. Poyamba ankalemba pang'ono nkupuma, poti dzanja linali lidakali lowawa. Kenaka tidayamba kumutchera nthawi. Loweruka lililonse ankatenga pepala limodzi la mayeso akale nkulilemba lonse ndi dzanja, ine nditagwira wotchi ngati woyang'anira mayeso. Paja a MANEB sachonga zimene zili m'mutu mwa mwana, kapena zimene zili mufoni. Amachonga zimene dzanja laika papepala, ndipo m'chipinda cha mayeso foni siloledwa nkomwe. Mwana amene chaka chonse wakhala akuwerenga ndi maso okha, osalemba, ali ngati munthu wofuna kupalasa njinga ya makala kuchokera kumudzi mpaka m'tauni asanayambe wapalasapo ndi kamtunda kakang'ono komwe.

Madzulo amayi ankaviika kansalu m'madzi ofunda nkumuthowa kumbuyo kwa khosi ndi m'mapewa. Amayi omwe aja ankati wasenza chiyani. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu.

Patatha masabata asanu ndi limodzi dzanzi lidachoka, chala chidasiya kubaya, khosi lidatsala pang'ono chabe. Mayeso a MSCE a 2024 adalemba mapepala onse mpaka kumapeto ndipo adakhoza. Sindinena kuti adachiriratu ngati nthano. Mpaka lero akangodzitaya masiku awiri atatu pa TikTok, mumamuona wayambanso kudzisisita kumbuyo kwa khosi. Kusiyana kwake nkwakuti tsopano akudziwa amene wamuloza.

Koma chenjerani, si khosi lililonse lowawa limene ndi la foni. Mwana akauma khosi mwadzidzidzi, thupi nkutentha, mutu nkumawawa kwambiri, akusanza, akuthawa kuwala kapena akubwebweta, musataye nthawi ndi nsalu yofunda. Amenewo atha kukhala matenda oumitsa khosi, ndipo amapha msanga. Thamangani naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso ngati khosi layamba kuwawa atagwa kapena atachita ngozi, ngati mkono ukufooka moti akugwetsa kapu, ngati miyendo ikulemera kapena akuyenda modzandira, ngati dzanzi silikuchoka usana ndi usiku, kapena ngati kuwawako kwatenga masabata uku akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, poti TB imagwiranso mafupa a msana. Zimenezi ndi za dokotala, osati za mtolankhani.

Ndiponso ndikupempheni zinthu ziwiri. Musamuzoloweze mwana kumwa bufeni kapena indosidi wa pamsika tsiku ndi tsiku ngati mtedza, makamaka m'mimba mulibe kanthu. Mankhwala amenewa akachuluka amakanda m'mimba mpaka zilonda, ndipo amangotseka pakamwa pa ululu pamene gwero lake lili pomwepo. Chachiwiri, musalole munthu wamba, kaya ndi wometa kaya ndi amalume odziwa zonse, kumupotokola mwana khosi kuti lilire. M'khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo. Si mpini wa khasu uwo.

Kwa inu aphunzitsi, tikuthokoza chifukwa cha manotsi, mumatipulumutsa ku mitengo ya mabuku. Koma kutumiza masamba 40 nthawi ya 10 koloko usiku nkunena kuti mawa mayeso, ndiye kuti mwamulamula mwana kuti agone ndi foni. Tumizani kukadali kowala, tumizani pang'onopang'ono, ndipo muziwapatsa ntchito yolemba ndi dzanja, muziionanso. Mukaona zolemba za mwana zasintha mwadzidzidzi, musathamangire cholembera chofiira. Mufunseni kaye ngati dzanja lili bwino.

Nanga ife akuluakulu tili bwino? Ndikadutsa mumsika masana kasitomala atachepa, ndimaona mitu yonse ili pansi ngati anthu ali pamaliro. A kaunjika akujambula madiresi kuika pa sitetasi, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba akudina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anyamata akutsatira mpira wa ku England ndi kubetcha. Ena mwa inu m'mawa mwasenza dengu lenileni, masana mwasenzanso ndowa yosaonekayi. Khosi lake ndi limodzi lomwelo. Ine amene ndikulankhulane ndiye woipitsitsa, chifukwa nkhani zanga zambiri ndimazilemba pafoni ndi zala ziwiri, nditakhala pa mpando wa minibasi. Ino yokha ndayamba ndailemba m'kope, mlongo wanga ataimirira pambali ndi wotchi, akubweza chipongwe.

Mwana wanu akadzati khosi likuwawa, musafulumire kumufunsa kuti wasenza chiyani. Mufunseni kuti wagona nthawi yanji. Mupempheni kope lake muone tsamba loyamba ndi lomaliza, ngakhale sukulu simudapite nayo patali, zolemba zopendama mudzaziona ndithu. Muuzeni akuonetseni kaundula wa maola uja, ndipo akakana mudziwe kuti yankho mwalipeza kale. Fizi mukuipeza movutika, dzuwa likukuthererani pamutu, a khonsolo akufuna tikiti yawo kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Zonsezo zimakathera pa dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi, m'chipinda chimene inu simungalowemo kukathandiza. Dzanja limenelo lisamaleni monga mumasamalira mpamba.

Za mayi a benchi yoyandikana aja mwina mukufuna kudziwa. Patapita masiku atatu chichokereni kuchipatala, amayi adasankha matimati akuluakulu, osaphwanyika, nkudzadza kabeseni, nkukatula pabenchi ya mnzawo popanda mawu. Mnzawoyo adawayang'ana nthawi yaitali nkufunsa, "Mwana wapeza bwanji?" Amayi adati, "Aliko bwino, asisi. Inali foni." Mayi aja adapukusa mutu nkuti, "Wanganso wayamba kudandaula khosi. Tandiuzani, munapita chipinda chiti?"

Tikumanenso sabata ya mawa, Mulungu akalola. Pakadali pano tadzutsani mutu, kasitomala waima kutsogolo kwanuko.